Mawu Amene Anaphunzitsa Anthu Kupenya

A Dick Button anamwalira pa 30 Januwale 2025 ku North Salem, m'chigawo cha New York ku America, ali ndi zaka 95. Nyuzipepala zinatchula zonse zofunika kutchula: mendulo ziwiri zagolide za Olimpiki, ukatswiri wa dziko lonse zaka zisanu zotsatizana, ukatswiri wa dziko lakwawo zaka 7. Koma anthu wamba okonda masewera ovina motsetsereka pa ayezi, pokumbutsana za malemuwa, sankachedwa pa mendulozo. Ambiri mwa iwo anali asanabadwe pamene a Button ankalandira ulemu umenewo. Chimene chinawatsalira m'makutu ndi mawu a bambo wadazi amene kwa zaka pafupifupi 50 ankalankhula pa wailesi ya kanema uku anyamata ndi atsikana akudumpha ndi kuzungulira pa bwalo. Ankakumbutsana mmene bamboyu ankadandaulira akaona phazi lolendewera mosasamala, ndiponso mmene ankafuulira mosadzigwira akaona chinthu chokongola.

Ndakhala ndikulingalira chifukwa chimene munthu amene ntchito yake inali kufotokoza zochita za ena angakondedwere chonchi. Ine ndinawamva mochedwa, m'makanema akale amene anthu anasunga pa intaneti, momwe zithunzi zinayamba kufwifwa koma mawu akadali omveka bwino. Ife amene tinakula tikumvera mpira pa wailesi timadziwa kuti woulutsa mawu amatha kulowa m'banja n'kukhala ngati m'bale. Koma woulutsa mpira pa wailesi amathandiza munthu amene sakuona bwalo. Ntchito ya a Button inali ina, ndipo ndikuona kuti inali yovutirapo. Iwo ankalankhula ndi anthu amene chithunzi chili pamaso pawo, amene akuganiza kuti akuona zonse, chonsecho zambiri zikuwadutsa.

Ndipo zimadutsadi. Munthu wachilendo pa masewerawa amaona zinthu ziwiri basi: wagwa kapena sanagwe. Sadziwa kuti kunsi kwa nsapato kuli chitsulo chopyapyala cha mamilimita anayi okha m'lifupi, chogobeka pang'ono pakati, kotero kuti chili ndi mbali ziwiri zakuthwa, yamkati ndi yakunja. Luso lonse lagona pa kudziwa kutsamira mbali imodzi mwa ziwirizo ndi thupi lonse, mopanda mantha, mpaka chitsulo chijambule mzere wokhota bwino. Kudumpha kulipo kwa mitundu 6. Kwina wosewera amabaya ayezi ndi timano takutsogolo kwa chitsulo kuti anyamuke, kwina amanyamukira pa mbali yakuthwa yokhayo. Konseko amatera chammbuyo ndi mwendo umodzi. Kudumpha kotchedwa Axel, kumene anakuyamba Axel Paulsen wa ku Norway mu 1882, n'kokhako kumene munthu amanyamuka akuyang'ana kutsogolo, n'chifukwa chake amazungulira theka lina lowonjezera asanatere. Zonsezi zimachitika sekondi imodzi isanakwane. Diso losaphunzira limangoona kuthwanima kwa chovala, kenako m'manja mwa oonerera.

A Button zinthu zimenezi ankazidziwa ndi thupi lawo. Anabadwa mu 1929 ku Englewood, ku New Jersey, ndipo ali mnyamata bambo awo anawatumiza ku Lake Placid kukaphunzira kwa Gustave Lussi, mphunzitsi wochokera ku Switzerland amene anakhala nawo mpaka pamene anasiya kupikisana. Mu 1948 ku St. Moritz, ali ndi zaka 18, pa bwalo lapanja pomwe dzuwa ndi mphepo zinkachita zofuna zawo, anakhala munthu woyamba kudumpha Axel yozungulira kawiri ndi theka pa mpikisano. Mu 1952 ku Oslo anakhalanso woyamba kuzungulira katatu m'malere, pa kudumpha kotchedwa loop. Nthawi imeneyo n'kuti ali wophunzira pa yunivesite ya Harvard, kumene pambuyo pake anaphunziranso zamalamulo.

Koma ndikuganiza kuti diso lawo linanoledwa ndi chinthu china chimene oonera a lero sachidziwa. M'masiku awo, gawo lalikulu la malikisi, 60 pa 100 alionse, linkachokera pa ntchito yachete yopanda nyimbo. Wosewera ankapatsidwa malo osalala pomwe sipanapondedwe, n'kujambulapo ndi mwendo umodzi zozungulira zooneka ngati nambala 8, kenako n'kubwereza mzere womwewo osaphonya. Akamaliza, oweruza ankabwera n'kuwerama, kuyang'anitsitsa mizereyo kuti aone pamene chitsulo chinagwedera kapena pamene chinasintha mbali nthawi isanakwane. Mwana wofuna kupambana ankathera maola ambiri m'mamawa mozizira akuchita zimenezi, palibe womuombera m'manja. Gawo limeneli linachotsedwa m'mipikisano ya dziko lonse mu 1990. Munthu woleredwa motero sangathe kuona mzere wokhota molakwika n'kukhala chete. Anaphunzira ali wamng'ono kuti kachinthu kakang'ono kamene khamu silikuona ndi kamene kamasiyanitsa ntchito yabwino ndi ntchito yongothamangira.

Anayamba kuulutsa mawu mu 1960, pa Olimpiki ya ku Squaw Valley, ndi kanema wa CBS, ndipo kuyambira mu 1962 anakhazikika ku ABC, pa pulogalamu ya Wide World of Sports imene mabanja ambiri ku America ankaonera Loweruka masana. Mu 1981 analandira mphoto ya Emmy chifukwa cha ntchitoyi. Kaphunzitsidwe kawo kamaoneka bwino pa chinthu chimodzi chimene okonda masewerawa sachiiwala. Pali kuzungulira kwina kotchedwa layback, kumene mtsikana amaima pa mwendo umodzi, n'kupinda msana chagada, mutu ndi mapewa kugwera kumbuyo, manja m'mwamba, thupi likuzungulira pamalo amodzi. Aliyense amayang'ana msana ndi manja, chifukwa ndi kumene kuli kukongola koonekeratu. A Button ankati tiyang'ane mwendo winawo, umene uli m'malere kumbuyo. Kodi watembenuzidwa kuchokera m'chiuno? Kodi bondo lili pamalo ake? Kodi zala za phazi zawongoledwa, kapena nsapato yangolendewera kuloza pansi? Akaona yolendewera ankadandaula momveka, chaka ndi chaka, osatopa. Akaona yoikidwa bwino ankayamikira ngati kuti apatsidwa mphatso.

Ukamva zimenezi kangapo, suthanso kuonera monga kale. Diso limapita lokha ku phazi lija. Umayamba kuona kuti wina akatera mwendo umagwedera ndipo liwiro limatha pomwepo, pamene wina akatera amapitirira kuyenderera chammbuyo, msana uli chilili, ngati kuti kudumphako kunali mbali ya nyimbo. Umayamba kuona amene akumva nyimbo ndi amene nyimbo ikungolira pambali pake. Apa ndi pamene pagona chikondi cha anthu pa a Button. Anawapatsa chinthu chimene sichinathe pulogalamu itatha. Mayi wa ku Ohio kapena ku Texas amene sanavalepo nsapato za chitsulo ankatha kuuza mwana wake kuti kuzungulira uku n'kwabwino koma kukuyenda, sikukukhazikika pamalo amodzi, ndipo ankanena zoona.

Sikuti mawu awo ankakomera aliyense. Ambiri mwa osewera amene a Button ankawadzudzula anali ana a zaka 15 kapena 16, amene anasiya zambiri za ubwana wawo kuti afike pa bwalo limenelo, ndipo makolo awo ankamva chidzudzulocho limodzi ndi anthu mamiliyoni. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu lotsinidwa pagulu limapweteka kawiri. Ndikamamvera makanema ena akale, pali malo pamene ndimalakalaka bamboyu akanafewetsako lilime. Ndikukhulupirira kuti alipo osewera amene mawu ena anawatsalira mumtima ngati bala.

Nanga n'chifukwa chiyani ngakhale osewera ambiri amawakumbuka mwaulemu? Yankho limene ndalipeza ndi loti chidzudzulo chawo ndi chimene chinkapatsa kulemera kuyamikira kwawo. Woulutsa mawu amene amati zonse n'zabwino, tsiku limene chabwino chenicheni chafika amasowa mawu otsala. A Button akanena kuti ichi n'chokongola, wosewera ankadziwa kuti sakumunyengerera, ndipo woonera ankadziwa kuti waona chinthu chosowa. Chinanso n'choti m'kudandaula kwawo munkamveka kuti akufuna mwanayo achite bwino. Ankatchula chimene chalakwika ndi mmene chingakonzedwere: wongola bondo, kweza mutu, usathamangire nyimbo. Anali mawu a munthu amene akukhulupirira kuti wosewerayo angathe kuposa pamenepo. Ndipo pambali pawo, kwa zaka zoposa 20, pankakhala Peggy Fleming, katswiri wa Olimpiki ya 1968, wa mawu ofatsa, amene nthawi zambiri ankakumbutsa oonera za mtima wa mwana amene wangogwa kumene. Anthu amawakumbuka awiriwa limodzi, wina wotentha, wina wodekha, onse okonda chinthu chimodzi.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi ichi. Munthu amene anatsegula njira ya kudumpha kovuta ndi yemweyo amene anathera moyo wake akukumbutsa anthu kuti kudumpha si zonse. Akanatha kumayeza wosewera aliyense ndi muyeso umene unawapatsa iwowo ulemu. Koma amene ankawatamanda koposa nthawi zambiri sanali odumpha kwambiri. Janet Lynn sanapambanepo golide wa Olimpiki kapena wa dziko lonse. Ku Sapporo mu 1972 anagwa pakati pa kuvina kwake, n'kudzuka akumwetulira, n'kumaliza mokongola, ndipo anakhala wachitatu. A Button ankamutchula pakati pa osewera abwino koposa amene anawaonapo, chifukwa cha mmene thupi lake lonse linkayendera limodzi ndi nyimbo. Michelle Kwan anakhala katswiri wa dziko lonse kasanu koma golide wa Olimpiki anamuphonya: siliva ku Nagano mu 1998, wachitatu ku Salt Lake City mu 2002. M'mawu a a Button sunkamva kuti mtsikanayu wasowa kanthu. Ankaphunzitsa oonera kuti mendulo imanena za tsiku limodzi, pamene mmene munthu amayendera pa bwalo mumaoneka zaka zonse zimene wagwira ntchito.

Ku Salt Lake City komweko kunabuka mkangano umene unasintha masewerawa. Pa mpikisano wa ovina awiriawiri, golide anapita kwa Elena Berezhnaya ndi Anton Sikharulidze a ku Russia, koma zitamveka kuti woweruza mmodzi anakakamizidwa, Jamie Salé ndi David Pelletier a ku Canada anapatsidwanso golide. Patapita zaka ziwiri, njira yakale yopereka malikisi, imene pamwamba pake panali 6.0, inathetsedwa. M'malo mwake munabwera njira yowerengera mapointi pa chilichonse: kudumpha uku mapointi akuti, kuzungulira kosintha kaimidwe kangapo mapointi akuti. Cholinga chinali chabwino, kuti chinyengo chichepe ndipo wosewera adziwe pamene wataya. A Button anali mmodzi mwa amene anadandaula poyera kuti njirayi ikuchititsa osewera kudzaza mphindi zawo ndi zinthu zovuta koma zosakongola, ndipo kuvina kwa aliyense kukufanana. Mwina nthawi zina ankalakalaka dziko limene linapita. Komabe funso lawo likadalipo: ngati chilichonse chili ndi mtengo wake pa pepala, ndani adzalimbe mtima kuchita chinthu chophweka, mzere umodzi wautali wa mwendo umodzi, chifukwa choti nyimbo yafuna zimenezo?

Mu Seputembala 2022, Ilia Malinin, mnyamata wa zaka 17, anakhala woyamba kudumpha Axel yozungulira kanayi ndi theka pa mpikisano. Anachita zimenezi ku Lake Placid, kumene a Button anaphunzirira zaka 80 m'mbuyomo, iwo akadali moyo, ali ndi zaka 93. Kuchokera pa kawiri ndi theka kufika pa kanayi ndi theka panadutsa zaka 74, moyo wa munthu mmodzi. Ndikamaonera kudumpha kumeneko ndimazizwa monga aliyense. Kenako ndimapezeka ndikuyang'ana mmene waterera, mmene msana waimira, kumene mwendo winawo wapita. Mafunso amenewa ndinawatenga kwa munthu amene sanandidziwepo.

Moyo wawo sunali wosalala. Mu 1978 gulu la achinyamata linawamenya ku Central Park mumzinda wa New York, n'kuwavulaza m'mutu. Pa 31 Disembala 2000, ali ndi zaka 71, anagwa pa bwalo la ayezi n'kusweka chigaza, ndipo ubongo unavulala kwambiri. Anachira, nabwerera pa ntchito yawo, nayambanso kulankhulira anthu ovulala ubongo. Pa Olimpiki ya ku Turin mu 2006 anali pa kanema akuyankha mafunso a oonera, mbadwo watsopano ukuwadziwa koyamba. Kwawo ku North Salem ankasamalira munda waukulu wa maluwa umene ankaukonda kwambiri. Sindidabwa kuti munthu amene ankaona phazi lopotoka ali patali ankakondanso kukonza mizere ya mitengo ndi maluwa, ntchito imene zipatso zake zimadikira zaka.

Imfa yawo inafika pa nthawi yowawa kwambiri. Usiku wa pa 29 Januwale 2025, tsiku limodzi iwo asanamwalire, ndege yochokera ku Wichita inawombana ndi helikopita ya asilikali pamwamba pa mtsinje wa Potomac ku Washington. Anthu 67 anafa, ndipo 28 mwa iwo anali a banja la masewerawa: ana aluso amene ankachokera ku maphunziro apadera, makolo awo ndi aphunzitsi awo. Pakati pawo panali Evgenia Shishkova ndi Vadim Naumov, akatswiri a dziko lonse a mu 1994, amene ankaphunzitsa ku Skating Club of Boston, kalabu imene a Button anaseweramo ali ku Harvard. Achikulire anakumbukira tsoka lina ngati lomweli. Pa 15 Febuluwale 1961 ndege inagwa pafupi ndi Brussels, n'kupha timu yonse ya America, osewera 18, amene ankapita ku mpikisano wa dziko lonse ku Prague. Mphunzitsi wa Peggy Fleming anafera m'ndege imeneyo, mtsikanayo ali ndi zaka 12. Ntchito ya a Button ku ABC inayamba chaka chotsatira, pamene masewerawa m'dziko lawo ankayambiranso pansi, ndipo mawu awo anayenda limodzi ndi mbadwo umene unawadzutsa. Anthu amene analira ana a m'ndege yochokera ku Wichita anadzuka m'mawa mwake n'kumva kuti munthu amene anaona zonsezi kuyambira pachiyambi nayenso wapita. Maliro a nkhalamba ya zaka 95 safanana ndi a mwana wa zaka 12, ndipo palibe amene anawayerekeza. Koma ndikumvetsa chifukwa chimene ambiri anamva ngati atsala okha.

Palinso china chimene anthu amalira akamalira woulutsa mawu. Pokumbukira a Button, ambiri amayamba kunena za iwo, kenako nkhani imakhotera kwa amayi awo, kwa agogo awo, ku chipinda chimene ankakhalamo Loweruka masana kunja kukuzizira. Amakumbukira mmene ana ankatsetserekera ndi masokosi pa simenti ya m'nyumba akuyesa kutsanzira zimene aona, wina n'kumalankhula ndi mawu a a Button, kudzudzula phazi la mng'ono wake. Mawu a munthu amene wakhala akubwera m'nyumba mwanu nyengo iliyonse yozizira kwa zaka makumimakumi amamangirira pamodzi anthu amene munkamvera nawo. Ena mwa anthu amenewo anapita kale. Mawuwo akatha, zimakhala ngati chitseko cha chipindacho chatsekedwa kachiwiri. Chisoni chimenechi n'chenicheni, ngakhale kuti woulutsayo sanadziwe dzina la aliyense wa iwo.

Ntchito imene ankagwira lero ili m'manja mwa ena. Scott Hamilton anaigwira zaka zambiri, ndipo kuyambira mu 2014 Tara Lipinski ndi Johnny Weir ndi amene akumveka kwambiri ku America. Aliyense ali ndi kalankhulidwe kake, ndipo sikoyenera kufuna kuti akhale a Button achiwiri. Pa kanema wa lero pali kabokosi pakona kosonyeza mapointi uku wosewera akadali pa bwalo, ndipo n'kosavuta kuti woulutsa azingowerenga manambalawo. Chimene ndimawapempherera ndi kulimba mtima kwa mitundu iwiri kumene malemuwa anali nako: kunena kuti chinthu sichinakome ngakhale mapointi achuluka, ndi kusachita manyazi kufuula ndi chimwemwe pamene mwana wosadziwika, amene sapambana mendulo iliyonse, wachita chinthu chimodzi chokha mwangwiro. Ana amene akudzuka m'bandakucha lero kupita ku mabwalo a ayezi ku Boston, ku Nagoya kapena ku Tallinn akuyenera kukhala ndi wina wowayang'ana mwachidwi chotero, amene amaona ntchito yawo yonse mpaka ku zala za phazi, ndipo amaitenga kuti ndi yofunika.